Momwe mungaphunzitsire mbiri ya ayezi ndi kutentha kwa dziko kuchokera m'matope a pansi pa nyanja

Mphunzitsi wa Jogalafe pa sekondale ya ku Bembeke, ku Mayani kapena ku Linthipe akafika pa mutu wa kusintha kwa nyengo, sipalephera wophunzira wina wofunsa kuti, ngati anthu anayamba kulemba mwadongosolo kutentha kwa dziko lonse cha m'ma 1850, akatswiri amadziwa bwanji kuti zaka 21,000 zapitazo ayezi anakuta pafupifupi dziko lonse la Canada, ndiponso kuti madzi a m'nyanja zamchere anali otsika ndi mamita oposa 120 poyerekeza ndi lero. Funsoli ndi loyenera, ndipo kungomuyankha kuti asayansi anafufuza n'kumumana mwanayo chinthu chimene akanatha kuchimvetsa bwinobwino. Gawo lalikulu la yankho lili m'matope amene akhala akuunjikana pansi pa nyanja zamchere kwa zaka mamiliyoni ambiri, ndipo kawerengedwe ka matopewo kangathe kuphunzitsidwa ngakhale pa sukulu yopanda labotale.

Malangizo ano ndi a mphunzitsi kapena wotsogolera kalabu ya zachilengedwe. Chofunika kwambiri ndi kusadumpha ndondomeko. Choyamba ophunzira adziwe kuti matope amasunga zinthu motsatira nthawi, kenako aphunzire kupeza zaka za matopewo, pambuyo pake awerenge kuchuluka kwa ayezi ndi kutentha, ndipo pomaliza penipeni afike pa nambala imene aliyense amaithamangira, yonena za mmene dziko lingatenthere mpweya wa kaboni dayokisaidi ukachuluka kawiri. Wophunzira wopatsidwa nambala yomalizayi asanadziwe kumene inachokera amangoiloweza, ndipo wina akamutsutsa amasowa pogwira.

Yambani ndi matope a m'dambo

Pezani paipi ya pulasitiki ya mainchesi awiri, yaitali mita imodzi, yonga imene amagulitsa m'mashopu a hadiweya pa boma. Musanapite nayo ku dambo, ichekeni ndi sowo m'litali mwake kuti ikhale zibenthu ziwiri, kenako muziphatikizenso ndi kuzikulunga zolimba ndi tepi. Mukatero simudzavutika potulutsa matope, pakuti kuwakankha ndi ndodo kuchokera mbali imodzi kumasokoneza mizere imene mukuifuna. Nolani milomo ya m'munsi mwa paipiyo ndi tupa, ndipo jambulani muvi woloza kumwamba, chifukwa paipi yodzaza matope ikangogonekedwa pansi palibe amene amakumbukira kumene kunali kumutu. Tengani kathabwa, hamala, chotsekera kukamwa kwa paipi, waya woonda ndi tepi yoyezera.

Nthawi yabwino ndi mu Ogasiti kapena Seputembala, madzi atachepa koma matope akadali ofewa. Malo ake akhale kumunsi kwa dambo kumene madzi amaima, osati m'dimba la kachewere kapena la kabichi, popeza khasu limatembenuza dothi chaka ndi chaka ndipo za kale ndi za dzulo zimasakanikirana. Pemphani kaye kwa eni malo kapena kwa amfumu. Imikani paipiyo chilili, ikani kathabwa pamwamba pake, ndi kukhoma pang'onopang'ono. Ikalowa, yezani kutalika kwa mbali imene yalowa pansi, tsekani kukamwa kwake kuti mpweya usalowe, ipotozeni pang'ono ndi kuizula wina atakonzeka kutchinga m'munsi ndi chikhatho. Mudzaona kuti matope a m'kati ndi aafupi kuposa mmene paipi inalowera, chifukwa apanikizika, ndipo kusiyana kumeneku kulembedwe, pakuti akatswiri a panyanja nawonso amalimbana ndi vuto lomweli.

Mukafika m'kalasi, chotsani tepi ndi kudutsitsa waya pakati kuti matope agawike pawiri. Palani pamwamba pake ndi mpeni mopingasa, osati motsata litali, kuti musakokere dothi la mzere wina pa unzake. Kawirikawiri pamwamba pamakhala matope akuda, onunkha ndowe pang'ono, odzaza timizu. M'munsi mwake mungapeze kamzere ka mchenga kotuwa, kopyapyala kosaposa chala, kamene kamayamba mwadzidzidzi m'munsi ndi kumapita kukusalala chokwera, ndipo kameneka n'chizindikiro cha madzi osefukira amene anabwera ndi mphamvu n'kumaphwa pang'onopang'ono. Timakala takuda timasonyeza moto wa tchire. Ophunzira ajambule zonsezi pa pepala, akulemba masentimita kuchokera pamwamba. Chibenthu chimodzi agwiritse ntchito, china achikulunge m'pulasitiki osachikhudza, kuti kalasi ya chaka chamawa idzathe kutsimikiza kapena kutsutsa zimene iwo apeza.

Auzeni mmene matope a panyanja amatengedwera

Pakati pa nyanja yamchere, kutali ndi kumene mitsinje imathira, matope amaunjikana mochedwa kwambiri, masentimita ochepa chabe pa zaka 1,000, motero paipi ya mamita khumi ingathe kutulutsa mbiri ya zaka mazana a masauzande. Matopewo si dothi lokhalokha. Mbali yake yaikulu ndi tizigoba ta tizamoyo ting'onoting'ono timene timafa ndi kumira, makamaka ta foraminifera, timene zigoba zake ndi za laimu ndipo kukula kwake sikuposa kamchenga, ndi ta diatom, timene zigoba zake ndi za silika. Kuti ophunzira aone tanthauzo la chigoba cha laimu, dontheziranipo viniga pa chigoba cha nkhono kapena cha dzira chophwanyaphwanya, aone thovu.

Ntchito yoboola pansi pa nyanja zakuya inayamba mwamphamvu mu 1968 ndi sitima ya Glomar Challenger, ndipo kuyambira mu 1985 mpaka mu 2024 inkachitika kwambiri ndi sitima ya JOIDES Resolution, yaitali mamita 143. Matope amakwera m'mapaipi a pulasitiki a mamita 9.5, amadulidwa m'zidutswa za mita imodzi ndi theka, ndipo chidutswa chilichonse chimagawidwa pawiri m'litali, chibenthu china chopima, china chosunga, monga mmene ophunzira anu achitira. Zosungazo zili m'nyumba zozizira ku Bremen m'dziko la Germany, ku College Station ku Texas ndi ku Kochi ku Japan. Mu 2016 sitimayi inaboola m'nyanja za kummwera kwa Africa, kuphatikizapo kufupi ndi kumene Zambezi amathira m'nyanja, ndiye kuti kumene kumakathera madzi a Rivirivi wochokera ku Ntcheu akadutsa mu Shire.

Musapitirire musanapeze zaka

Mzere wa matope umene zaka zake sizikudziwika sungakuuzeni chilichonse chokhudza nyengo, ndipo apa ndi pamene phunziro liyenera kuchedwa. Kwa matope osapitirira zaka pafupifupi 50,000 amagwiritsa ntchito kaboni 14, mtundu wa kaboni umene chamoyo chimasiya kutenga chikafa, umene theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Pali msampha umodzi wofunika kuutchula. Madzi a m'nyanja amasunga kaboni wakale, kotero chigoba cha kanthu kamene kafa lero chimaoneka ngati chili ndi zaka pafupifupi 400, ndipo kufupi ndi Antarctica chimaoneka chakale ndi zaka zoposa 1,000. Wopima akaiwala kuchotsera zaka zimenezi, mbiri yake yonse imasuntha.

Matope akale kuposa pamenepo amafuna zizindikiro zina. Timiyala tachitsulo tikamamira timaloza kumene maginito a dziko lapansi akuloza panthawiyo, ndipo popeza maginitowo anatembenuka komaliza zaka pafupifupi 780,000 zapitazo, malo amene timiyalato tasintha kolowera ndi chikhomo chopezeka m'nyanja zonse. Phulusa la mapiri ophulika ndi chikhomo china. Phiri la Toba ku Sumatra linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, ndipo tizidutswa ta phulusa lake tinapezeka ngakhale m'matope a m'nyanja ya Malawi, amene anabooledwa mu 2005 ndipo amafika zaka zoposa miliyoni imodzi m'mbuyo. Matope a nyanja yathuyi sanena mwachindunji za ayezi, koma amasonyeza kuti madzi ake anatsikapo ndi mamita mazana angapo m'nthawi za chilala chachikulu, ndipo wophunzira wa ku Mtakataka kapena ku Golomoti akamva zimenezi nkhani yonse imamuyandikira.

Apatseni masamu ophweka. Ngati chikhomo cha maginito chapezeka pa mamita 15.6 kuchokera pamwamba, matopewo ankaunjikana masentimita awiri pa zaka 1,000. Kenako afunseni ngati n'zoona kuti liwiro limeneli linali lofanana nthawi yonseyo. Amene anaona kamzere ka mchenga ka m'dambo, kamene kanaunjikana tsiku limodzi pamene matope akuda a pamwamba pake anatenga zaka, adzayankha okha kuti ayi.

Werengani okosijeni

Apa ndiye pagona nkhani. Okosijeni wa m'madzi ali m'mitundu yosiyana kulemera. Wochuluka ndi wopepuka, wotchedwa okosijeni 16, ndipo pa maatomu 500 alionse limodzi lokha ndi la wolemera, okosijeni 18. Dzuwa likamaphwetsa madzi a m'nyanja, madzi a okosijeni wopepuka amakwera msanga pang'ono kuposa anzake, monga mmene madeya amaulukira popeta mphale n'kutsala m'lichero, ngakhale kuti apa kusiyanako n'kochepa kwambiri. Nthunziyo ikamapita kumadera ozizira, madzi olemera ndi amene amayamba kugwa ngati mvula, kotero chipale chofewa chogwa pakati pa Antarctica kapena Greenland chimakhala chopepuka koposa. Chipalecho chikasungunuka n'kubwerera m'nyanja, palibe chimene chimasintha. Koma chikaunjikana pamtunda kwa zaka masauzande n'kusanduka ayezi wochindikala makilomita atatu, okosijeni wopepuka amatsekeredwa kumeneko, ndipo madzi otsala m'nyanja amalemerako. Foraminifera akamapanga chigoba amatenga okosijeni m'madzi omwewo, ndipo akafa chigobacho chimamira chitasunga muyeso wa nthawi yake.

M'labotale amatsuka matope pa sefa yosalala kwambiri, amawaumitsa, kenako munthu amakhala pa maikulosikopu ndi kabulashi konyowa, akutola tizigoba ta mtundu umodzi kamodzikamodzi, n'kutiika m'makina opima kulemera kwa maatomu. Zotsatira zake, zosonyeza kuchuluka kwa okosijeni wolemera m'tizigobato, zimalembedwa m'magawo a pa 1,000. Nambala ikakwera ndiye kuti ayezi anali wambiri kapena madzi anali ozizira, ikatsika ndiye kuti ayezi anachepa kapena madzi anafunda.

Mawu akuti "kapena" m'chiganizo chimenecho muwatsindike, chifukwa ndi pamene akatswiri enieniwo anasiyana maganizo. Harold Urey anasonyeza mu 1947 kuti kuzizira kwa madzi kumachititsa chigoba kutenga okosijeni wolemera wambiri, ndipo Cesare Emiliani atapima matope a pansi pa nyanja mu 1955 anatanthauzira kukwera ndi kutsika kwa nambalazo makamaka ngati kusintha kwa kutentha. Mu 1967 Nicholas Shackleton anapima tizigoba ta foraminifera wokhala pansi penipeni pa nyanja, kumene madzi ndi ozizira kale moti sangazizire kwambiri kuposa pamenepo, ndipo anapeza kuti nambala zikusinthabe kwambiri, kusonyeza kuti gawo lalikulu la kusinthako likuchokera ku ayezi. Masiku ano zikudziwika kuti zonse ziwiri zilimo. Pakati pa nthawi ya ayezi wambiri, zaka 21,000 zapitazo, ndi lero, tizigoba ta pansi pa nyanja timasiyana ndi magawo pafupifupi 1.7 pa 1,000. Mwa amenewa, pafupifupi gawo limodzi ndi la ayezi, lofanana ndi kutsika kwa nyanja kwa mamita 120 kapena 130 kuja. Otsalawo, pafupifupi 0.7, ndi a kuzizira, ndipo popeza digiri imodzi imasintha nambalayo ndi pafupifupi 0.25, ophunzira angathe kupeza okha kuti madzi akuya anazizira ndi madigiri pafupifupi atatu.

Tsopano aonetseni chithunzi cha mzere wa okosijeni chimene Lorraine Lisiecki ndi Maureen Raymo anatulutsa mu 2005 pophatikiza matope a malo 57, chofika zaka 5.3 miliyoni m'mbuyo. Chimapezeka mosavuta pa intaneti, ndipo chikhoza kukopedwa pa bolodi. Achenjezeni kuti nambala za m'mbali zimalembedwa chadodolido, zazikulu m'munsi, kuti nthawi zofunda zikhale pamwamba. Awerenge nsonga zake. M'zaka 800,000 zapitazi ayezi ankachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 100,000 zilizonse, akuunjikana pang'onopang'ono koma n'kusungunuka mofulumira, pamene kale kuposa zaka 1.2 miliyoni kasinthasinthayu ankachitika pa zaka 41,000. Mu 1976 James Hays, John Imbrie ndi Shackleton anasonyeza kuti nthawi zimenezi, pamodzi ndi ina ya zaka pafupifupi 23,000, zikugwirizana ndi kusintha kwa kupendekeka kwa dziko ndi njira imene limazungulira dzuwa, monga mmene Milutin Milanković wa ku Serbia anawerengera kale pamanja. Matope akale kwambiri amasonyeza kukwera kwadzidzidzi kwa nambalayi zaka 34 miliyoni zapitazo, pamene ayezi anakuta Antarctica, ndi kukwera kwina zaka pafupifupi 2.7 miliyoni zapitazo, pamene ayezi wa kumpoto anakula.

Funani miyala imene siyenera kukhalapo

Okosijeni amanena kuchuluka kwa ayezi wa padziko lonse, koma sanena kuti ayeziyo anali kuti kapena kuti wasungunuka ndi wa mbali iti. Zimenezi zimadziwika ndi miyala. Thirani mchenga wokhakhala ndi timiyala m'kapu ya madzi, ndipo pemphani wa golosale wokhala ndi filiji akuumitsireni. Tsiku lotsatira vundulani dothi losalala m'ndowa ya madzi, lisiyeni lidikhe, kenako yandamitsani ayezi uja pamwamba. Akamasungunuka, timiyala timagwa kamodzikamodzi n'kukamira m'matope osalalawo, tikupinda pamene tagwera. Palibe mtsinje kapena mphepo imene ingafikitse mwala pakati pa nyanja makilomita mazana kuchokera kumtunda. Chimene chingatero ndi chigumukire cha ayezi chochoka pamtunda chitanyamula miyala imene chinakokolola poyenda.

Mu 1988 Hartmut Heinrich anafotokoza mizere isanu ndi umodzi ya mchenga wotere m'matope a kumpoto kwa Atlantic, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti yambiri ili ndi tizidutswa ta miyala ya laimu yochokera ku Hudson Strait ku Canada. Tanthauzo lake n'lakuti ayezi wamkulu sasungunuka mwaulemu nthawi zonse, koma nthawi zina amagumuka n'kutaya zigumukire zosawerengeka m'nyanja. Kummwera nakonso, matope amene anabooledwa mu 2016 pa Agulhas Plateau, kummwera kwa South Africa, ali ndi mchenga wotayidwa ndi zigumukire zochokera ku Antarctica, zimene m'nthawi zozizira zinkayandama mpaka kufika kumeneko.

Umboni womveka kwambiri kwa ophunzira ndi wa ANDRILL, ntchito imene mu 2006 ndi 2007 inaboola ayezi woyandama wa ku McMurdo ku Antarctica, n'kudutsa madzi, n'kutulutsa matope ndi miyala yotalika mamita 1,285. Mizere yake inali ya mitundu iwiri yosinthanasinthana. Wina ndi dothi losakanikirana ndi miyala yamitundumitundu mopanda dongosolo, limene limatsala pansi pa ayezi wokwawa pa nthaka. Wina ndi matope odzaza tizigoba ta diatom, ndipo popeza diatom amafuna kuwala kwa dzuwa, mzere woterewu ukutanthauza kuti pamalo pamene lero pali ayezi panali nyanja yotseguka. Kusinthanaku kunachitika kambirimbiri pakati pa zaka 5 miliyoni ndi 3 miliyoni zapitazo, kusonyeza kuti ayezi wa kumadzulo kwa Antarctica anabwererapo m'mbuyo kwambiri mobwerezabwereza. Ayezi ameneyu ali pa nthaka imene mbali yake yaikulu ili m'munsi mwa mulingo wa nyanja, n'chifukwa chake madzi ofunda amamudya mosavuta kuchokera pansi. Gawo lake losakhazikikali litasungunuka lingakweze nyanja ndi mamita oposa atatu, pamene ayezi wa Greenland ali ndi madzi okwana mamita 7, ndipo wa Antarctica yense pafupifupi mamita 58.

Werengerani mmene dziko limatenthera

Kuti mufike pa nambala yomaliza mufunika zinthu ziwiri za nthawi imodzi yakale: kusintha kwa kutentha kwa dziko lonse, ndi kukula kwa chimene chinakankha kusinthako. Kutentha kwa madzi a pamwamba kumapimidwa ndi njira zosadalira okosijeni, monga kuchuluka kwa maginiziyamu m'chigoba cha foraminifera, kumene kumakwera madzi akafunda, ndi mafuta ena otsalira a tizomera ta m'nyanja amene kapangidwe kake kamasintha ndi kutentha. Kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi m'zaka 800,000 zapitazi kumapimidwa mwachindunji mu timatumba ta mpweya totsekeredwa mu ayezi wobooledwa ku Dome C ku Antarctica, ndipo kale kuposa pamenepo amadalira kwambiri boroni wa m'tizigoba, amene amasonyeza kuwawasa kwa madzi.

Lembani pa bolodi za zaka 21,000 zapitazo. Kaboni dayokisaidi anali magawo pafupifupi 190 pa miliyoni, poyerekeza ndi 280 mafakitale asanayambe. Kafukufuku wa Jessica Tierney ndi anzake wa mu 2020, wochokera ku matope a m'nyanja zosiyanasiyana, anapeza kuti dziko linali lozizira ndi madigiri pafupifupi 6. Chokankha chimayezedwa m'mawati pa sikweya mita, ndipo chinali ndi magawo angapo: kuchepa kwa mipweya yosunga kutentha, kuyera kwa ayezi kumene kumabweza kuwala kwa dzuwa, fumbi la mumlengalenga ndi kusintha kwa zomera. Akatswiri akaphatikiza zonsezi amapeza nambala zosiyana, pakati pa mawati 6 ndi 9. Kuchulukitsa kaboni dayokisaidi kawiri kumakankha ndi mawati pafupifupi 3.7. Gulu loyamba litenge mawati 6.5, ligawe 6 ndi 6.5 ndi kuchulukitsa ndi 3.7, ndipo lidzapeza madigiri 3.4. Gulu lachiwiri litenge mawati 8, ndipo lidzapeza 2.8. Musawauze kuti gulu lina lalakwa, chifukwa kusiyanako ndiko phunziro lenilenilo. Svante Arrhenius mu 1896 anawerengera madigiri 5 mpaka 6, lipoti la Jule Charney la mu 1979 linati pakati pa 1.5 ndi 4.5, ndipo bungwe la IPCC, la United Nations lounika za kusintha kwa nyengo, mu 2021 linati madigiri 3, mwina pakati pa 2.5 ndi 4, ndipo umboni wa nyengo zakale ndi umodzi mwa maumboni amene anathandiza kuchepetsa mpatawo.

Wophunzira wakhama adzatsutsa kuti m'nthawi za ayezi chimene chinkayambitsa kusintha chinali kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa, osati kaboni dayokisaidi. Akunena zoona, ndipo mumuvomereze. Koma kayendedweko kamangosuntha kuwala kwa dzuwa pakati pa nyengo za pachaka ndi pakati pa madera, osasintha kwenikweni kuchuluka kwa kuwala kumene dziko lonse limalandira pa chaka, motero pakokha sikangaziziritse dziko ndi madigiri 6. Ayezi ndi mpweya ndi zimene zinakuza kusinthako, ndipo mpweyawo umasunga kutentha mofanana kaya watuluka m'nyanja kaya watuluka m'malasha. Ngati mukufuna chitsanzo chimene kaboni anayamba, chilipo cha zaka 56 miliyoni zapitazo, pamene kaboni wambiri analowa mumlengalenga ndi m'nyanja ndipo dziko linatentha ndi madigiri pafupifupi 5. M'matope obooledwa mu 2003 pa Walvis Ridge, kumadzulo kwa Namibia, nthawi imeneyi imaoneka ndi maso: matope oyera a laimu amatha mwadzidzidzi, pamwamba pake n'kubwera dongo lofiirira, chifukwa madzi anawawasa mpaka kusungunula tizigoba.

Ndikuona kuti chenjezo lofunika kuposa onse ndi ili, lakuti madigiri atatu a IPCC aja amawerengedwa ngati kuti ayezi wa pamtunda sakusintha. M'masamu a pa bolodi ayezi tinamuika kumbali ya zokankha, koma kunena zoona nayenso amasintha dziko likatentha, ndipo akachepa dziko limatenthanso. Zotsatira zake zimaoneka m'nthawi ziwiri zofunda. Zaka pafupifupi 125,000 zapitazo dziko linali lofunda ndi theka la digiri mpaka digiri imodzi ndi theka kuposa mmene linalili mafakitale asanayambe, koma nyanja inali yokwera ndi mamita 5 mpaka 10. Zaka 3 miliyoni zapitazo kaboni dayokisaidi anali pakati pa magawo 360 ndi 420 pa miliyoni, kutentha kunali kokwera ndi madigiri 2.5 mpaka 4, ndipo nyanja inali yokwera ndi mamita pakati pa 5 ndi 25.

Funso lomaliza la ophunzira lichokere pamenepa. Lero kaboni dayokisaidi wapitirira magawo 420 pa miliyoni, koma pakati pa 1901 ndi 2018 nyanja inakwera ndi masentimita pafupifupi 20 okha. Afunseni chifukwa chimene doko la Beira, limene mafuta ndi feteleza wambiri wobwera ku Malawi amadzera, silinamire monga mmene nambala za zaka 3 miliyoni zapitazo zikanatiuzira. Wopatsidwa malikisi onse akhale amene watchula kuti nyanja yakuya ndi ayezi zimatenga zaka mazana kapena masauzande kuti zifike pamene mpweya wazikankhira, ndipo waonjezera kuti matope amanena bwino za kumene zinthu zinakathera koma amanena mofooka za liwiro lake, chifukwa nyongolotsi za pansi pa nyanja zimavundula masentimita angapo a pamwamba, ndipo m'matope ounjikana masentimita awiri pa zaka 1,000 kuvundula kotero kumasakaniza zaka masauzande angapo kukhala mzere umodzi. Amene wangolemba kuti akatswiri analakwitsa, kapena kuti Beira amira chaka chamawa, mubwerere naye ku chibenthu cha matope a m'dambo chija, akuonetseni pamene mizu ndi nyongolotsi zafufuta mizere, kenako alembenso yankho lake.